Sabata imodzi ku Dzaleka, sipanala m'manja

Lolemba

Ndanyamuka ku Ntcheu kudakali mdima, chikwama cha zitsulo paphewa, ndipo pamene ndimalowa mu depoti ya ku Lilongwe dzuwa linali litayamba kale kuluma. Minibasi ya ku Dowa siivuta kupeza. Ukangoti Dzaleka, anyamata oitanira atatu akugwira mkono nthawi imodzi. Kondakitala anachiyesa chikwama changa ndi dzanja limodzi nkuti, "Madala, ichi ndi munthu, chilipire mpando." Tinalimbana mpaka pa Kanengo, ndinamupatsa theka.

Ulendo wake si wautali. Mumatsata M1 mpaka pa Lumbadzi, nkukhotera kumanja msewu wa ku Dowa, makilomita 40 ndi kanthu kuchokera mumzinda. Chandibweretsa kuno ndi ntchito yanga ya masiku onse, kukonza mijigo. Alamu anga amagwira ku bungwe lina loona za madzi mumsasa wa anthu othawa kwawo wa Dzaleka, ndiye anandiimbira kuti akufuna manja owonjezera kwa sabata imodzi, poti mwezi wa Okutobala madzi amatsika ndipo mijigo imafa motsatizana.

Ndisaname, m'mutu mwanga munali matenti oyera ndi waya waminga, zija timaona pa kanema. Waya sindinamuone. Minibasi imangokutsitsa pamsika, basi uli kale mkati. Nyumba ndi za zidina, zina zamalata, zina zofolera udzu ndi mapulasitiki otsendereza ndi miyala, zothinana kuposa za ku Mtandire. Tinjira tina munthu wonyamula ndowa ziwiri sangadutse osapendeka. M'makoma mwalembedwa Chifalansa ndi Chiswahili: apa ometa, apa osoka, apa tchalitchi, apa tchalitchi china. Zigawo za msasa anazitcha maina athu omwewa, Kawale, Likuni, Zomba, Blantyre, moti alamu atandiuza kuti mawa tiyambira ku Likuni ndinayesa tibwereranso ku Lilongwe.

Ndisanagwire bawuti ngakhale limodzi ananditengera kaye ku ofesi kukalembetsa. Kwathu anthu ambiri amaganiza kuti kuno nkwa UNHCR, bungwe la United Nations loona za othawa kwawo. Ayi. Mwini msasa ndi boma la Malawi, kudzera ku nthambi yoona za anthu othawa kwawo ya mu unduna wa zachitetezo cha m'dziko, ndipo mkulu woyang'anira msasa ndi wantchito wa boma. UNHCR imabwera ndi ndalama, ukadaulo ndi kaundula, mabungwe ena amagawana ntchito, koma nthaka ndi lamulo nzathu. Ndalemba dzina m'buku, ndanena chomwe ndadzera, andilola.

Dzina la malo ano linkandiopsa kuyambira ndili mwana. M'nthawi ya Kamuzu pano panali ndende ya andale, ndipo m'zaka za m'ma 1970 a Mboni za Yehova ambiri anatsekeredwa pompano chifukwa chokana kugula makhadi a chipani. Akuti munthu akatulukamo ankalumbira kuti ndidzaleka. Mu 1994, chaka chomwe ife timavota koyamba pa zipani zambiri pamene ku Rwanda anthu amaphana, boma ndi UNHCR anasandutsa malowa msasa. Mahekitala ake ndi 201, ndipo anakonzera anthu pakati pa 10,000 ndi 12,000. Lero muli oposa 50,000. Ambiri ndi a ku Congo, kenako a ku Burundi ndi Rwanda, ndi ochepa a ku Somalia ndi Ethiopia. Ife timangowaphatikiza onse kuti Maburundi.

Ndagona kwa alamu, chakufupi ndi Dowa boma. Mphepo ya kuno njamwano, fumbi lalowa mpaka m'makutu.

Lachiwiri

Tinafika pa mjigo woyamba kusanayere bwino, koma tinapeza mzere utakhala kale. Osati mzere wa anthu, wa zigubu. Zachikasu zija za mafuta ophikira, zotsatizana ngati njoka kuzungulira nyumba ziwiri. Chigubu ndicho chimagwira malo mwini wake akukoleza moto kunyumba, ndipo wina akachisuntha, nkhondo. Ndinawerenga mpaka 60 nkuleka.

Mjigo wake ndi Afridev, womwewu wadzaza m'midzi mwathu. Ine ndimaunyadira chifukwa mbiri yake imakhudza kwathu: unayambira pa pampu yotchedwa Maldev yomwe ankaiyesa m'chigwa cha Livulezi ku Ntcheu kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Anaupanga dala kuti anthu a m'mudzi azitha kusolola marodi ndi kusintha maraba ndi sipanala imodzi, osadikira galimoto ya boma. Pa muyezo wa dziko lino, mjigo umodzi ndi wa anthu 250. Uwu sindikudziwa kuti umamwetsa angati, koma chogwirira chake chinandiuza zonse. Chinali kusewera kumanja ndi kumanzere ngati dzino logwedera, mabushi atadyekeratu mpaka chitsulo kumakhuzana ndi chitsulo. Kumudzi raba ya pulanja, kachida kokweza madzi pansi mupaipi, imatha kukhala chaka. Kuno alamu akuti miyezi yochepa yatha, chifukwa pampu siipuma kuyambira m'bandakucha mpaka usiku.

Kutseka mjigo wotere kuti uukonze nkovuta kuposa kuukonza kwenikweniko. Pali amayi ena a ku Congo, a komiti ya pamjigopo, thupi laling'ono koma mawu ngati wenzulo. Ndiwo anaimitsa mzere. Anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kunsapato nkufunsa m'Chiswahili. Mwana wawo wamkazi, wa zaka mwina khumi, anamasulira m'Chichewa chakuda bii cha ku Dowa konkuno: "Akuti afundi, mumaliza nthawi yanji? Akuti musanene bodza." Fundi ndi mmisiri, ndipo dzina langa kuno lasanduka limenelo. Ndinati maola awiri. Amayiwo anatembenuka nkulengeza, anthu nkung'ung'udza, koma palibe anachotsa chigubu.

Tinamasula mutu, tinasolola marodi mmodzimmodzi nkumawayala paudzu motsatana kuti asasokonekere, tinasintha raba, futuvavu yoletsa madzi kubwerera pansi ndi mabushi onse. Ana anatizungulira mpaka mpweya kusowa. Madzi atatuluka panalibe kuwomba m'manja, munthu woyamba anangolowetsa chigubu pansi pa mpopi, ntchito nkupitirira.

Ndinakhala pambali nkumachita masamu. A UNHCR amati munthu mmodzi azipeza malita 20 patsiku, ndiko kuti chigubu chimodzi. Banja la anthu asanu ndi awiri, zigubu zisanu ndi ziwiri. Afridev yabwinobwino imadzaza chigubu pa mphindi imodzi ndi theka kapena ziwiri. Ndiye zigubu 60 zija ndi maola pafupifupi awiri, ndipo pamene zikutha zina 60 zafika. Kulinso mipopi ya madzi opopedwa ndi mphamvu ya dzuwa m'zigawo zina, imathandiza ndithu, koma nayonso ili ndi mizere yake. Amene amaima pamzerepo ndi atsikana, ndipo ola lomwe ali pamjigo ndi ola lomwe kusukulu aphunzitsi akuitana maina.

Masana ndinapita kumsika. Lachiwiri ndi tsiku lake, eni ake amati Mardi Marché. Anthu a m'midzi yozungulira amabwera ndi tomato, kachewere, nyemba, nkhuku, makala panjinga. Ena achokera ku Lilongwe kudzapikula. Malonda amachitika m'zilankhulo zinayi nthawi imodzi, koma ndalama ndi kwacha yomweyi. Ndadya chapati chotentha ndi nyemba, komanso ndiwo ina akuti sombe. Nditalawa ndinaseka ndekha, ndi chigwada chathu chomwe, kungoti iwo amachisinja kwambiri nkuthiramo mafuta ofiira.

Lachitatu

Lero sipanala yapuma theka la tsiku. Alamu anati ndiwaperekeze ku msonkhano wa mabungwe kuti ndikafotokoze ndekha momwe mijigo ilili, poti ndine ndaiona mkati. Ndinavala shati yoyera yomwe ndinasungira tchalitchi.

Munthu ukafuna kudziwa kuti msasa umayendetsedwa bwanji, khala pamsonkhano ngati umenewu. Aliyense ali ndi gawo lake. Chakudya ndi WFP, bungwe la United Nations loona za chakudya. Sukulu, kuyambira mkaka mpaka sekondale, ndi Jesuit Refugee Service, omwe aliyense amangoti JRS. Chipatala chili pansi pa unduna wa zaumoyo. Pali oona za ana ndi nkhanza za m'banja, oona za madzi ndi ukhondo, oona za ntchito zamanja ndi mabizinesi ang'onoang'ono, apolisi, ndiponso atsogoleri a othawa kwawo eni ake, ena oimira mitundu yawo, ena oimira zigawo. Papepala zimaoneka zolongosoka ngati mizere ya m'munda.

Kenako panabwera nkhani ya chimbudzi chimodzi. Chadzaza, mvula ili pafupi, pakufunika dzenje latsopano. A zaukhondo anati tikumbe apa. Ine ndinakweza dzanja, poti malo akunenawo ndinawaona dzulo: sapitirira masitepe makumi awiri kuchokera pamjigo, pamene lamulo lathu limati chimbudzi chitalikire mamita 30, ndipo chikhale kumunsi. A zaumoyo anandivomereza, nkukumbutsa za kolera yemwe anavuta dziko lino mu 2022 ndi 2023. Ndiye tikumbe uko. Mtsogoleri wa chigawo anati uko kuli nyumba ya banja lomwe langofika kumene. Nanga kuseri? Kuseri ndi njira yokhayo yomwe ambulansi ingalowere. Ola lathunthu linatha pa dzenje limodzi. Panalibe waulesi kapena wouma mutu m'chipindamo, aliyense amanena zoona. Malo ndiwo palibe. Anamaliza pogwirizana zopopa chakale chija, ngati ndalama ya galimoto yopopera ipezeke.

Titatuluka ndinacheza ndi mnyamata wina wa ku kaundula, nkundiuza kuti madzi, mankhwala, ndalama ya chakudya, zonse zimayambira pa tebulo lake. Ambiri amalowa m'dziko muno kudzera kumpoto, pa Songwe kapena cha ku Chitipa, amasungidwa kaye ku Karonga, kenako nkuwabweretsa kuno. Akafika amawajambula, amawadinda zala, amalemba kukula kwa banja. Kenako komiti ya boma imamva nkhani ya munthu nkugamula ngati alidi wothawa kwawo mwalamulo, ndipo kudikira chigamulo chimenechi kumatha kutenga zaka. Mwana akabadwa ayenera kulowa m'kaundula, munthu akamwalira ayenera kutulukamo. Anandiyang'ana nkuti, "Achimwene, taganizani. Maliro achitika, mukakanena ku ofesi ndalama ya mwezi itsika ndi mutu umodzi. Inu mungathamangire kukanena?" Sindinayankhe.

Kale ankagawa chimanga, nyemba ndi mafuta. Masiku ano WFP imapereka ndalama pamutu uliwonse, anthu nkukagula okha kumsika, ndipo mumsasa munatsegulidwa nthambi ya banki mu 2018. Ubwino ulipo, munthu amasankha chomwe adye, ndipo mlimi wa ku Dowa amapeza msika. Koma mu 2023 WFP inadula thandizolo ndi theka chifukwa cha kuchepa kwa ndalama, ndipo Novembala wa chaka chomwecho kwacha inagwa ndi 44 peresenti. Thumba la chimanga siligwa mphamvu, ndalama imagwa. Amayi a komiti aja anandiuza dzulo, kudzera mwa mwana wawo, kuti ndalamayo imafika pakati pa mwezi nkufa.

Madzulo takonza mjigo umodzi ku Kawale. Unali wosavuta, bawuti lokha.

Lachinayi

Lero ndachita manyazi, ndipo ndilemba momwe zinakhalira.

Mjigo wa ku Blantyre, wakuya ndithu. Tinali titasolola marodi angapo, ine nditagwira wotsatira, manja ali thukuta lokhalokha. Wina anandiyankhulitsa, ndinacheuka, ndipo ndinangomva chitsulo chikuchoka m'manja. Phokoso lake wamijigo aliyense amalidziwa, kulira kotsika pansi kenako zii. Marodi otsala onse ndi pulanja, pansi pa paipi. Zaka zonsezi ndikugwira ntchitoyi, ndadzagwetsera marodi pamaso pa anthu mazana. Chida chowedzera ndinali nditachisiya ku Ntcheu, pofuna kupeputsa chikwama chija chinalipira mpando.

Pagulu lathu pali bambo wina wa ku Uvira ku Congo, m'mphepete mwa nyanja ya Tanganyika, yemwe wakhala akutinyamulira zida kuyambira Lachiwiri. Ndi munthu wosalankhulalankhula. Anasuzumira mupaipi, anandifunsa kuti marodi ake ndi okolowekana kapena amazinga, nkuchoka osanena kanthu. Patapita theka la ola anabwera ndi chitsulo cha mamilimita eyiti chomwe anakapinditsa kwa owotcherera, kumapeto atachipanga ngati mbedza yokhota kawiri. Tinachimangirira ku marodi omwe tinatulutsa aja nkutsitsa. Kanayi konse kunabwera chabe. Kachisanu anatseka maso, akuzunguza pang'onopang'ono ndi zala ngati munthu wofufuza minga kuphazi, nkuti, "Kokani." Zinabwera.

Tikupuma pamthunzi ndinamufunsa komwe anaphunzira. Kwawo anachita sukulu ya zamipopi ndi magetsi, anagwirapo ntchito zaka zingapo nkhondo isanamuthamangitse. Kuno wakhala zaka zoposa khumi. Ana ake awiri anabadwira pachipatala cha mumsasa momwemu, Congo amangoimva. Iye pagulu lathu ndi wongodzipereka, amalandira kangachepe pamwezi, pamene ine wogwetsa marodi ndikulandira malipiro a mmisiri. Si kuti bungwe likumubera. Lamulo ndilo silimulola kulembedwa ntchito ngati ine.

Nkhani yake ili chonchi. Malawi inalowa m'pangano la United Nations la 1951 lokhudza othawa kwawo mu 1987, koma inakana kumangidwa ndi mfundo 9, kuphatikizapo ya ufulu woyenda ndi kukhala komwe munthu afuna, ya kulembedwa ntchito, ya kukhala ndi katundu, ndi ya kusanduka nzika. Lamulo lathu la othawa kwawo ndi la 1989. Choncho wothawa kwawo ayenera kukhala mumsasa, ndipo kuti atuluke kupita kutali amafunika chilolezo. Kwa zaka zambiri ena ankatuluka ndithu nkukatsegula magolosale ku Mgona, ku Area 25 ndi m'matauni ena, boma likuyang'ana kumbali. Mu Malichi 2023 boma linalamula kuti onse abwerere pofika pa 15 Epulo, ndipo mu Meyi apolisi ndi asilikali anayamba kuwagwira, ena nkuwasunga kaye kundende ya Maula asanawabweretse kuno. Anabwerera kumsasa womwe unali wodzaza kale kanayi.

Apa ndiulule kanthu. Nthawi imeneyo ine ndinali m'gulu la owomba m'manja. Mchemwali wanga ali ndi kagolosale, ndipo ankadandaula kuti sangapikisane ndi anthu ogula katundu pagulu nkumagulitsa motchipa. Dandaulo lakelo silabodza, ndipo sindikulitaya lero chifukwa choti munthu wandivuulira marodi. Dziko lathu ndi losauka, achinyamata athu omwe ali ndi madigiri akuyendetsa kabaza. Koma nditakhala pamthunzi paja masamu anandikanika. Munthu wamanja ngati awa timamuletsa kudzidyetsa, kenako timapita kukapempha azungu kuti amudyetse, azunguwo akatopa timadabwa kuti mumsasa mwabuka umbava ndi uhule. Ana ake akuphunzira silabasi yathu, alemba mayeso a MANEB omwewa, akakhoza adzabwerera kudzakhala pakhonde. Zoti lamulo la 1989 liunikidwenso zakhala zikukambidwa kwa zaka, ndipo ine tsopano ndili kumbali ya ofuna lisinthe.

Bamboyo sanadandaule zambiri. Anangoti, m'Chichewa chake chopindika, "Fundi, ine sipempha chimanga. Napempha pepala." Kenako anandikumbutsa kuti sitinamange mabawuti a mutu.

Ndazindikiranso kuti anthu ngati iyeyu ndiwo anyamula msasawu. Omasulira kuchipatala, aphunzitsi othandizira, oyenda khomo ndi khomo kuphunzitsa zaukhondo, amayi a makomiti a pamijigo, alonda a usiku. Magalimoto oyera a mabungwe ikakwana 4 koloko amayamba kutuluka kulowera ku Lilongwe. Usiku mwana akadwala, kapena nyumba ikagwa ndi mvula, woyamba kugogodedwa ndi mtsogoleri wa chigawo.

Lachisanu

Lero tinatuluka mumsasa kukakonza mijigo iwiri m'midzi yoyandikana nayo. Alamu akuti ndi dala. Ukakonza ya mkati yokha, a kunja amafunsa kuti kodi kuti munthu athandizidwe ayambe wathawa kwawo? Nchifukwa chake chipatala cha Dzaleka chimalandira onse, ndipo pamzere wa kusikelo amayi a Chichewa ndi a Chirundi amakhala benchi imodzi. M'makalasi namonso ana ndi osakanikirana. Bungwe la There is Hope, lomwe anayambitsa Innocent Magambi, munthu amene anakhalapo mumsasa momwemu ngati wothawa kwawo, limaphunzitsa ukalipentala, kusoka ndi zomangamanga kwa onse, a mkati ndi a kunja.

Anyakwawa a mudzi woyamba anatilandira bwino, nkutipatsa mpando ndi thobwa. Nditawafunsa za anansi awo sanabise. Anati msika wawapindulira, ana awo amapeza maganyu, tomato sawolera m'dimba. Kenako analoza phiri ndi ndodo. "Taonani uko, bambo. Munali mitengo umo." Anthu 50,000 amaphika tsiku ndi tsiku, ndipo ndalama ya chakudya ilibe gawo la nkhuni. Atsikana amapita kukatola m'minda ya eni, nkumakumana ndi zokumana nazo. Makala omwe ndinawaona Lachiwiri panjinga aja amawotcha ndi Amalawi, ndiye mlandu wa phirilo sungagwere mbali imodzi. Ndinaona mabanja ena akuphikira timabuliketi ta utuchi ndi zinyalala, koma ndi ochepa.

Pobwerera ndinakumbuka kwathu. Ine ndinakula nthawi ya nkhondo ya Frelimo ndi Renamo, pamene anthu a ku Mozambique oposa 1 miliyoni anathawira m'dziko muno, ife eni tili pafupifupi 8 miliyoni. Ku Nsanje alendo anachuluka kuposa eni mudzi. Kwathu ku Ntcheu malire ndi msewu chabe, ndiye ambiri sanapite kumsasa, anangowoloka nkumanga pafupi ndi abale. Mayi anga anapatsa banja lina la ku Angonia kachigawo ka munda kuseri kwa khola. Tinkalankhula chimodzi, maliro tinkalira limodzi, nandolo wa thandizo tinkasinthana ndi mbatata. Mtendere utasainidwa ku Rome mu 1992 anayamba kubwerera, ndipo patangopita zaka zochepa anatsala ndi okwatiwa okha. Msasa wa Luwani ku Neno unatsekedwa mu 2007, nkudzatsegulidwanso mu 2016 anthu a ku Tete atathawanso, ndipo kumapeto kwa 2024 ena anawolokera ku Nsanje chifukwa cha ziwawa za chisankho. Onsewo amabwera nkubwerera, chifukwa kwawo nkuseri kwa phiri.

Malamulo athu anapangidwa ndi alendo oterowo m'maganizo, aja amati mlendo ndi mame. Koma wa ku Kivu, kummawa kwa Congo, adzabwerera liti, nkhondo yake ikuyambiranso chaka ndi chaka? Pano pali anthu anabadwira mumsasa, akwatira mumsasa, ana awo akutunga pamjigo womwe ndakonza Lachiwiri. Boma lakhala likunena zotsegula msasa wina ku Kayilizi m'boma la Chitipa kuti kuno kupepuke. Ngati zidzatheke, ndikupempha chimodzi chokha monga wamijigo: adzayambe apima madzi apansi, nyumba pambuyo.

Loweruka

Tsiku lomaliza, ntchito inali yongoyendera mijigo yonse isanu ndi umodzi kuona ngati ikukoka bwino. Wa ku Blantyre uja ukutulutsa madzi ngati sunandichititse manyazi.

Podutsa pafupi ndi maofesi ndinaona anthu ataunjikana pa bolodi la zidziwitso, ngakhale lero sikutsegulidwa. Alamu akuti ndi momwe zimakhalira, munthu amabwera kudzafufuza nambala yake, mwina aitanidwa kukafunsidwa za ulendo wa kunja. Njira zotulukira mumsasa zilipo zitatu: kubwerera kwanu, kukhazikika m'dziko lomwe wathawira, kapena kutengedwa ndi dziko lachitatu. Yoyamba njotseka kwa ambiri, yachiwiri lamulo lathu silikuilola, ndiye maso onse ali pa yachitatu, yomwe imatenga anthu ochepa kwambiri. Ophunzira ena anzeru amapita ku Canada kudzera mu pulogalamu ya WUSC yowapezera malo ku mayunivesite. Ambiri ankapita ku America, koma mu Januwale 2025 boma la kumeneko linaimitsa kulandira othawa kwawo. Bambo wa ku Uvira uja akuti anansi ake anali atagulitsa kale mbaula ndi matiresi.

Pabwalo lina anyamata amayeserera magule, sipika ili pa wilibala. Akukonzekera Tumaini, chikondwerero chomwe anayambitsa mlakatuli wa ku Congo Trésor Mpauni, wodziwika kuti Menes la Plume, mu 2014. Chimachitika mumsasa momwemu, kulowa nkwaulere, ndipo alendo amagona m'nyumba za othawa kwawo nkulipira kangachepe. Amayi a komiti aja andiuza kuti ndikadzabwera ndidzafikire kwawo, koma ndidzabwere ndi maraba.

Ndasiya sipanala yanga ya Afridev, maraba anayi ndi mabushi otsala kwa bambo wa ku Uvira. Iye wandipatsa mbedza ija, akuti ndiziyenda nayo poti manja anga ndi oterera. Kondakitala wa lero sanachiyese nkomwe chikwama.

Tili pa Dedza foni inalira, alamu. Akuti mjigo wa ku Likuni, woyamba uja, wayambanso kulira pokoka, ndipo amayi a komiti akufunsa kuti afundi afika pati. Ndinawauza kuti akaitane wa ku Uvira, sipanala ali nayo.